Phiri Limene Ndinalibzala Kawiri

Primrose, chaka chimene ndinafika ku Joni

Tadala ndi iwe Mphatso, za ubwana wanga ku Dedza mwazimva mpaka kutopa nazo, ndiye sindibwereza. Ndikufuna ndikulembereni za ntchito, makamaka za phiri limene linandidya mawondo awa mumandiseka nawo ndikamakwera takisi. Tsopano ndinapuma, nthawi ndili nayo, ndipo mutu ukadali bwinobwino ngakhale amayi anu amatsutsa.

Ntchito yanga yoyamba inali yosamalira maluwa ku Primrose, kwa mayi wina wachikulire wa Chipwitikizi. Anandipezera ndi amalume anga a Lufeyo, mchona weniweni, amene anabwera kuno kudzakumba golide, mgodi utawalavula iwo nkukana kubwerera kumudzi. Mayi uja mtima unali wabwino, koma pakamwa. Duwa limodzi likafota, tsiku limenelo ndilibe mtendere. Kwa iye ndinaphunzira kusakaniza manyowa, kudulira mitengo, ndi kukhala chete munthu akamalakwitsa molimba mtima. Chachitatuchi chandithandiza kwambiri m'banja.

Lamulungu lina ndili m'takisi ndi amalume, ndinaona chinthu chachikasu chitaima kuseri kwa mafakitale, chachitali, pamwamba pake pali see ngati tebulo. Ndinati, "Amalume, kani kunonso kuli mapiri?" Iwo anaseka mpaka chifuwa chawo cha mu mgodi chinawagwira. Atapuma anati, "Limenelo si la Mulungu, mphwanga. Limenelo ndi lathu. Tinalitulutsa pansi pa nthaka ndi manja awa, eni ake nkuchotsamo golide, zotsalazo nkutiunjikira apo kuti tizizipuma. Amalitcha dampu." Ine ndinangoliyang'ana. Kwathu ndinakulira m'tsinde mwa phiri, koma sindinalikwerepo kupatula pofuna nkhuni. Okwera phiri popanda chifukwa anali azungu a zikwama kumsana, ndipo tinkawaseka kuti chawasowa chochita.

Benoni, zaka zotsatira

Mayi uja atasamukira kwa ana ake, ndinamva kuti kampani ina ikufuna anthu odziwa dothi oti azibzala udzu pa madampu. Ndinapita ndi mtima wa maluwa, ndikuganiza kuti ndi ntchito yothirira ndi kakheni. Anatiika pa dampu lalikulu kunja kwa Benoni, cha ku msewu wopita ku Daveyton. Bwana wathu anali Mbunu wina dzina lake Hendiriki, wamimba, wofiira khosi, wolankhula Chifanakalo, chilankhulo cha m'migodi, chosakaniza ndi kutukwana. Tsiku loyamba anatola mchenga wa pa dampupo, nkundiuza kuti ndilawe. Ndinaika pa lilime, nkulavula. Unali wowawasa ngati chitsulo chadzimbiri. "Waona?" anatero. "Pamenepa sipamera kanthu. Ntchito yako ndi kupanyengerera kuti pamere."

Ndikufotokozereni kunyengererako, chifukwa ndi ntchito imene anthu ambiri sadziwa kuti ilipo. Choyamba mumadula bango ku dambo, nkulizika m'mizere pa phiri, mipanda yaifupi yofika m'chiuno, kuti mphepo ikabwera ipunthwe isanyamule mchenga. Kenaka mumayala mapaipi nkuthirira miyezi ndi miyezi, madzi atsitse kuwawasa kuja pansi. Mukatero mumamwaza laimu, ufa woyera wopha kuwawasa, kenaka manyowa, ndiye mbewu ya udzu. Galimoto inkafika pansi pokha. Zonsezi, bango, matumba, mapaipi, zinkakwera pa phewa la munthu. Ndipo mchenga wa dampu si dothi la ku Dedza loti phazi likaponda laponda. Ukaponda katatu, kamodzi wabwerera m'mbuyo.

Miyezi yoyamba ndinkakwera ndi mkwiyo. Ndinkatukwana phirilo, Hendiriki, amalume, ndi basi imene inandibweretsa ku Joni. Koma ndinazindikira chinthu china chimene sindinachiyembekeze: mkwiyo umafuna mpweya, ndipo pa chitunda chotere mpweya sukwanira zonse ziwiri. Pofika pakati umayenera kusankha, kutukwana kapena kufika. Ndiye ndinkafika pamwamba mutu uli mbee, zimene zinkandivuta pansi zitatsala m'njira. Nkhani zambiri za moyo wanga ndinaziganiza ndili ndi thumba la laimu pa phewa. Zoti ndiitanitse amayi anu kumudzi ndinazigamula pamenepo. Zoti ndisiye mowa ndinazigamulanso pamenepo, kangapo.

Kusowa kwa zinthu ndiye kunali ndiwo zathu za tsiku ndi tsiku. Lero dizilo wa pampu watha, mawa laimu sanabwere, mkuja mwadzuka mwapeza mapaipi abedwa apita kwa ogula zitsulo. Hendiriki ankavula chipewa nkuchiponya pansi, kuchitola, kuchikung'untha, nkutiuza kuti tizinyamula madzi m'zigubu. Tinkanyamuladi. Sindinganene kuti ndinkamukonda munthu uja, koma ankakwera nafe, mimba yonse ija, ndipo udzu ukamera ankagwada nkuusisita ngati mutu wa mwana. Bwana wokwera nawe phiri umamukhululukira zambiri.

Amayi anu atabwera tinapeza mkuku, kanyumba ka malata, pa malo amene anthu anangodzimangira m'tsinde mwa dampu lomwelo. Munali Azulu, Asutu, Amashangani, ife Amalawi ndi anzathu a ku Chipata. Iwe Tadala unabadwira kumeneko, ndipo unabadwa ndi chifuwa cha mphumu. Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti mphepo ikayamba, mchenga wa pa phiri unkatsika ngati ufa, kulowa m'mabowo a misomali, m'mbale, m'mabulangete, m'mano. Iwe unkayamba kulira mluzu m'chifuwa, kwii kwii, mapewa akukwera ndi kutsika. Mbali ya phiri yoyang'ana kwathu ndi imene tinamalizira kubzala, ndipo udzu utagwira bwino tinadya Ogasiti awiri opanda kuthamangira ku chipatala. Ndinkayenda m'njira za pa malopo ngati phirilo ndi la bambo anga.

Chaka cha mbewa

Udzu ukabwera, zamoyo zimabwera. Kunayamba ziwala, kenaka timba, kenaka nkhwali. Ndiye tsiku lina ndinaona timayenje m'munsi mwa bango, ndi tinjira tosalala m'udzu. Mbewa. Ndinasangalala ngati ndatola ndalama, chifukwa mbewa sikhala pa malo akufa. Madzulo ake ndinauza mnansi wathu a Tembo, bambo wa ku Chipata wogulitsa tomato ndi anyezi pa msewu, mnzanga wa bawo. Ndinaona maso awo akuwala. "Mbewa zenizeni, a Banda? Osati makoswe a m'tauni awa?" Ndinati zenizeni, akapuku ndi ena otero. Anameza malovu. Anati zaka zonse akhala ku Joni chimene amachilota si mkazi wawo wa kumudzi ayi, koma mbewa yowamba yothira mchere. Tinaseka, nkupitiriza bawo.

Inu ana obadwira kuno simungamvetse. Kwathu, ndi kwawo kwa a Tembo, udzu ukauma m'chilimwe anthu amatentha tchire kuti mayenje aonekere, nkukumba mbewa. Palibe amaona chachilendo. Mvula ikagwa udzu umaphukanso wokha, chifukwa mizu ili m'dothi lenileni. Mzulu kapena Msutu sakanaganiza nkomwe zimenezo, iwo mbewa amaiona ngati uve. Koma mu Julaye, Loweruka lina masana, a Tembo ndi anzawo awiri anakwera ndi makasu ndi machesi, kuti atenthe kachigawo kakang'ono basi. Udzu unali gwaa, kamphepo kakuwomba, bango la mipanda yathu louma ngati nyali. Ine ndinali ku Daveyton kogula nsapato za sukulu za iwe Tadala. Pobwerera ndinaona utsi ndili m'takisi, ndipo ndisanatsike ndinadziwa kuti ndi phiri langa. Pofika madzulo mbali yonse yoyang'ana kwathu inali bii, kuchokera pansi mpaka pamwamba. Udzu wa pa dampu mizu yake ndi ya pamwamba, pa kadothi kochepa kamene tinapanga tokha. Unapsa ndi mizu yomwe.

A Tembo anabwera okha m'mawa mwake, nsidze zitapserera, chipewa chili m'manja. Anaima pakhomo osalowa. "A Banda, ndine," anatero. "Chitani nane chimene mukufuna." Ndikuuzeni zoona, ndinafuna kuwamenya ndi fosholo. Ndinawafunsa kuti, "Nanga mbewazo munapha zingati?" Anati, "Ngakhale imodzi. Tinathawa." Ndinawauza kuti achoke pakhomo panga ndisanachimwe, ndiponso kuti atseke pakamwa. Anthu a pa malopo akanamva kuti alendo atentha phiri chifukwa cha mbewa, sakanasankha kuti uyu ndi wa ku Chipata, uyu ndi wa ku Dedza. Hendiriki atandifunsa ndinangoti moto ulibe dzina. Anandiyang'ana, koma sanafunsenso.

Ogasiti anabwera pa nthawi yake. Sindinaonepo fumbi ngati la chaka chimenecho, mchenga wosakanikirana ndi phulusa. Masana dzuwa linkaoneka ngati mbale yadothi. Amayi anu ankanyowetsa zitenje nkutchinga m'mazenera ndi pansi pa chitseko, koma zinali ngati kutchinga madzi ndi dengu. Iwe Tadala unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina masana ndikuweruka ndinakupeza utakhala pa mpando, utagwira m'mawondo, milomo itasanduka yotuwa, ukulephera ngakhale kunena kuti ababa. Ndinakubereka kumsana nkuthamanga mpaka pa msewu. Ku chipatala anakugoneka masiku angapo ndi chipangizo cha mpweya kumphuno. Namwino wina, mayi wachifundo koma wosabisa mawu, anandiitanira pambali. "Baba, mwana uyu mankhwala tikumupatsa, koma mukamubwezera mu fumbi lomwelo chaka chamawa, mwina simudzafika naye kuno." Ndinachita mantha amene sindinachitepo m'moyo wanga.

Seputembala wa chaka chomwecho

Sabata imene unatuluka m'chipatala, Hendiriki anandiitana ku galimoto yake. Anati akuluakulu a kampani anena kuti za dampu lathu zatha, anabzala kamodzi ndipo sabzalanso mpaka mtsogolo mosadziwika. Gulu lonse likusamukira ku dampu lina kutali. "Koma iwe ndakupezera pabwino," anatero. "Ku nazale yathu ku Alberton akufuna kapitawo. Malo a see, mthunzi, malipiro okwera, ndi chipinda chogona pomwepo. Mawondo ako apume." Ndinafunsa ngati chipindacho ndi cha banja. Anapukusa mutu, nati ndi cha munthu mmodzi, malamulo a pamalopo. Ndinafunsa kuti nanga pa phiri patsala ndani. Anati patsala malo a mlonda mmodzi woyang'anira mpanda, ntchito ya munthu wokalamba, malipiro ake otsika kuposa amene ndinkalandira. Anandipatsa mpaka Lolemba.

Amayi anu sanaone chovuta chilichonse. "Bambo a Tadala, mukuganiza chiyani pamenepa? Pitani ku Alberton. Tipirire chaka chimodzi kapena ziwiri, tisunge, tipeze chipinda kwina kopanda fumbi." Ndinati, "Nanga Ogasiti akubwerayu mwanayu apumira kuti?" Anati, "Nanga inu mukatsala muletsa mphepo ndi manja? Kampani yonse yalephera, inu ndinu ndani?" Sanalakwe. Kukutumiza kumudzi iwe Tadala sikukanatheka, agogo ako anali atamwalira ndipo chipatala kumeneko chili kutali. Kusamuka msanga sitikanatha. Njira zonse ziwiri zinali ndi Ogasiti mkati mwake, ndipo mutu wanga unaima.

Lamulungu sindinapite ku tchalitchi. Ndinavala mabutsu nkuyamba kukwera, wopanda thumba, wopanda fosholo, koyamba m'moyo wanga kukwera phiri popanda chonyamula. Phulusa linkafuka pa phazi lililonse. Ndinadutsa zitsa za bango zimene ndinazika ndi manja anga, ndipo pakati pa chitunda ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina, poti panalibe wondiona. Ndinakwiyira a Tembo, kampani, Mulungu amene. Kenaka mpweya unandithera monga mwa masiku onse, mkwiyo nkutsala m'njira, ine nkumangoponda.

Pamwamba ndinakhala pansi nkuyang'ana kumene ndachokera. Kamphepo kanali kakuwomba, ndipo ndinaona chinthu chimene munthu ali pansi sangachione. Tili m'munsi muja, fumbi linkaoneka ngati thambo lonse latigwera, lopanda poyambira ndi pothera. Koma kuchokera pamwamba linali ndi malire. Mbali zina zitatu za phiri udzu unali chilili, osatulutsa kanthu. Fumbi lonse linkanyamuka pa chigawo chimodzi chopsacho, makamaka pa mlomo wa pamwamba pamene mphepo imagudubukira, nkutsetsereka ngati lilime kukagwa pa madenga athu. Ndinaimirira nkuchiyenda chigawocho m'mphepete mwake, uku ndi uku. Chinali chachikulu, inde, koma chinali munda. Munda waukulu woti mudzi umodzi ukhoza kuulima. Ndipo kuwawasa kuja tinali titakutsuka kale zaka zapitazo, phulusa nalo ndi chakudya cha nthaka. Chosowa chinali bango, mbewu, ndi mapewa. Bango linali mbwee ku dambo kuseri, laulere. Ndinatsika mtima uli m'malo.

Lolemba ndinauza Hendiriki kuti andipatse ulonda. Anavula chipewa, ndipo ndinadikira kuti achiponye pansi, koma anangochigwira. "Wapenga, Banda." Ndinati mwina, koma andisiyire mbewu ya udzu yotsala m'shedi, laimu amene anagwa mvula uja akuti ngotaya, ndi mapaipi akale obooka. Anati zimenezo pa maso pa kampani ndi zinyalala, ndipo zinyalala mlonda akhoza kuchita nazo chimene akufuna. Pokwera galimoto anatembenuka nati, "Yambira pamwamba. Ukagwira mlomo, pansi padzamvera." Ndinati ndinaona kale dzulo. Anati, "Ndiye ukuimiranji pano?"

Amayi anu anakhala masabata awiri akundiyankhula kudzera mwa iwe. "Tadala, uwauze abambo ako kuti madzi osamba ali apo." Ndinapirira, chifukwa mantha awo ndi anga anali amodzi.

Okutobala mpaka mvula

Munthu woyamba kumugogodera anali a Tembo. Kuyambira tsiku lija ankandizemba, akandiona ankalowa kuseri kwa tomato wawo. Ndinati, "A Tembo, munati ndichite nanu chimene ndikufuna. Ndafuna tsopano. Mawa m'mawa mubwere ndi chikwakwa, ndi anzanu awiri aja." Anabwera. Munthu uja anali asananyamulepo cholemera kuposa kreti ya tomato, ndipo ulendo woyamba wa mtolo wa bango anagona chagada pakati pa chitunda nkunena kuti ndimuitanire abusa. Ndinamuuza kuti abusa ali pamwamba. Anakwera.

Anthu anayi sitikanamaliza mvula isanagwe. Ndiye ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo, ndi Chizulu changa chothyokathyoka, kufunsa funso limodzi: m'nyumba muno mukutsokomola ndani? Panalibe khomo lopanda yankho. Ndinkawauza kuti sindikulonjeza malipiro, ndikulonjeza Ogasiti wopumika. Ena ananditseka chitseko kumaso, ena anati ndi ntchito ya boma, ndipo sanalakwe, koma boma silinkagona m'munsi mwa phirilo. Loweruka loyamba kunabwera amayi ochepa, a zovala za mpingo, atamanga nsalu kumphuno. Loweruka lachiwiri anabwera ndi amuna awo, ena mowakoka. Tinapanga mzere kuchokera ku dambo mpaka pamwamba, mtolo ukuchoka pa mutu uwu kupita pa mutu uwo. Asutu ankayimba zawo, Azulu zawo, a Tembo nkumaponyamo za ku Chipata zimene sindingazilembe m'buku la ana.

Zovuta sizinathe ayi. Pampu inapita ndi kampani, ndiye madzi oyamba tinakweza m'zigubu. Mphepo ina inagwetsa mipanda ya sabata yathunthu, tinaidzutsanso. Mbewu inatha tisanafike pansi, ndipo ndinayenda mbali zitatu zosapsa zija ndikupulula njere za udzu ndi manja nkuthira m'thumba. M'kati mwa sabata anthu ali ku ntchito zawo ndinkakwera ndekha, ulendo pa ulendo, mpaka mawondo anayamba kulira ngati chitseko chakale. Ndipamene ndinaphunzira kuti phiri sulikwera lonse. Ukaliyang'ana lonse umakhala pansi. Umakwera mpaka pa mpanda uwo, ukafika nkusankhanso wina.

Loweruka lina ndikulandira mitolo pamwamba, ndinaona mutu wina ukubwera ndi duku limene ndinalidziwa. Anali amayi anu, ali ndi pakati pa iwe Mphatso, atasenza kamtolo kakang'ono. Ndinati, "Mayi a Tadala, mukufuna kundiphera mwana?" Anatula mtolowo pa mapazi anga nati, "Musandiyankhule, sindinakukhululukireni. Ndizike kuti?" Ndinawalozera.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala. Masiku angapo pambuyo pake ndinakwera m'mawa nkupeza pakati pa mipanda pali katsitsi kobiriwira, kosaoneka ukayang'ana mwachindunji, kooneka ukawerama nkuyang'ana cham'mbali. Ndinagwada nkukasisita, kenaka nkudziseka ndekha pokumbukira amene ndinamuonera khalidwe limeneli. Pofika Febuluwale udzu unali m'mawondo. Chilimwe chitayandikira tinalambula njira zotchinga moto kuzungulira chigawo chonse, ndipo amene anadzipereka kulondera Loweruka ndi Lamulungu anali a Tembo. Ankalanda machesi ngakhale kwa anthu okwera kukapemphera.

Ogasiti wotsatira

Mwezi umenewo ndinaonda. Udzu unali utauma, wofiirira, koma uli chiimire, ndipo funso linali lakuti kodi mizu yake ya chaka chimodzi igwira mchenga mphepo yeniyeni ikabwera. Ndikalakwitsa, wolipira sanali ine. Amayi anu anali atalongedza kale kachikwama ka ku chipatala nkukaika kuseri kwa chitseko, osandiuza, ine nkumachita ngati sindikukaona.

Mphepo yaikulu inabwera Lachinayi, chakumasana. Ndinali pamwamba. Inawomba mpaka ndinagwada kuti isanditenge, malata akulira m'munsi monse, mapepala akuuluka ngati mbalame. Kutali cha ku Springs ndinkaona madampu ena akufuka utsi woyera. Ndinayang'ana pa mlomo wa phiri langa. Udzu unagona pansi, nkudzuka, nkugonanso. Bango linalira, koma linaima. Panyamuka kafumbi kochepa pa ngodya imodzi pamene mbewu inatiperewera, nkuthera m'mipanda momwemo. Madenga onse m'munsi ndinkawaona bwinobwino, limodzi ndi limodzi, mpaka mabulangete amene amayi ena anayanika. Ndinakuwa ndekhandekha pamwamba paja ngati wamisala. Ndinali wonyada, ana anga, ndipo mpaka lero sindipepesa.

Koma phiri silinali muyeso weniweni. Muyeso unali m'nyumba mwanga. Ndinayamba kutsika mothamanga, ndikutsetsereka ndi matako. Ndisanafike pakati ndinaona anthu awiri akukwera m'kanjira kathu, wamkulu kumbuyo ndi mwana kumsana, wamng'ono patsogolo. Ndinaganiza zoipa, kuti akubwera kudzanditenga tithamangire ku chipatala. Kenaka ndinazindikira kuti wamng'onoyo akuthamanga. Unali iwe Tadala, mu yunifomu ya sukulu, ukukwera chitunda chimene chinagonetsa a Tembo chagada, mu mphepo ya Ogasiti.

Ndinakugwira mapewa. "Wakuuza ndani kuti ukwere kuno? Ukufuna kufa?" Unali wefuwefu, thukuta kumaso, koma kupuma kwake kunali kwa mwana aliyense amene wathamanga. Ndinakutembenuza nkuika khutu pa msana pako, pakati pa mphepo yonse ija, ndikufunafuna mluzu uja. Unali ukuseka, ukuti ndikukugirigisha. Ndinati ukhale chete, upume kwambiri. Unapuma. Ndinati upumenso. Mpweya unalowa, nkutuluka, mwakachetechete.

Amayi anu anatipeza ndikadali chigwadire. Anaima akupuma, iwe Mphatso uli mtulo kumsana, nati, "Wabwera ku sukulu akuthamanga, ndiye ndati tiyeni akamve yekha mwini phiri, ine sangandikhulupirire." Iwe Tadala unadzichotsa m'manja mwanga nkuyang'ana kumtunda.

"Ababa, kwatsala patali kuti tifike pamwamba?"

Ndinati kwatsala pang'ono, koma ubwerere, wakwanitsa kale zokwanira.

"Ine sindinatope," unatero. "Mwatopa ndinu."

Unatsogola, ife nkumakutsatira.